Khobidi Limene Anaumba Tatsuzo

Morioka,
16 Novembala 1969.

Okondedwa achemwali anga a Kikuno,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu, ana, ndiponso mayi athu kutali konse ku Brazil. Kuno kwayamba kuzizira, phiri lavala kale zoyera, ndipo mpunga wachita bwino chaka chino moti ndi alesi omwe akukhuta. Khofi munatumiza uja anafika, tikumwa pang'onopang'ono ngati mankhwala. Mwana wanga Sadao akulimbikira sukulu ku Tokyo, ngakhale amatikumbuka pokhapokha nsapato zikang'ambika. Mayi, miyendo ija ikukuvutanibe? Musamakakamire zopita kumunda, zidzukulu zilipo.

Achemwali, mawu owerengera mayi athera pamenepo. Pindani kalatayi, munamizire kuti mwaiwala mphika pamoto, mukawerenge muli nokha. Nkhani ndi ya mlongo wathu Tatsuzo ndi moyo wake. Ndiyamba poyambira, chifukwa ndikayamba ndi mapeto sindimaliza.

Mukukumbukira kuti bambo pondisiyira shopu ya makobidi akale ananena pamaso pa tonse kuti Mitsue ali ndi maso, Tatsuzo ali ndi manja okha. Mawu amenewo mwana uja sanawameze. Ntchito yake youmba maketulo achitsulo itayamba kuchepa, poti anthu masiku ano akuthamangira aluminiyamu, anapeza chochita china. Ankasungunula mkuwa ku ng'anjo kwake n'kumaumba makobidi ofanana ndi akale, cholinga chake chimodzi chokha, kundipusitsa ine. Amabwera kushopu akununkha utsi, kusakaniza lakelo ndi enieni pathireyi, n'kupinda manja.

"Sankhanitu, achemwali. Maso otchuka aja tiwaone."

Ndinkamugwira nthawi zonse. Mtundu wa mkuwa anaudziwa, dzimbiri lobiriwira ankalibweretsa pokwirira khobidi m'dothi lonyowa ndi madzi a maula owawasa, kalilidwe kake ukaligogoda nako anakapeza. Koma Tatsuzo ndi wamanzere. Akamasalaza bowo lapakati ndi tupa, mizere imapendekera kwina, ndipo chikhadabo changa chimaimva ndisanayang'ane n'komwe. Zimenezi sindinamuuze. Bambo anatilamula kuti woumba chinyengo usamuuze pamene wamugwirira, ukatero wamuphunzitsa. Tatsuzo anandinyengerera ndi mowa, ndi maswiti, anandikwiyira mwezi wathunthu, ine duu.

Chaka chatha anaumba mayi wa makobidi. Inu munathawa shopu muli mtsikana, ndiye mwina munaiwala: mayi ndi khobidi lija akale ankadinda mumchenga poumba ena onse, losalala, lokulirapo pang'ono, ndipo lenileni limodzi lokha likhoza kugula nyumba. Lake lija linali lokongola moti ndinachita nalo nsanje. Ndinamuuza kuti, "Iwe, ili usalisunge, kalibwezere mung'anjo lero lomwe." Anangoseka, nati mlongo wake wayamba kuopa. Pambuyo pake ndinamva kuti ataledzera analipereka kwa wamalonda wina wa ku Tokyo posinthanitsa ndi mabotolo angapo, akudzitama kuti ndi ntchito ya manja ake. Chitsiru! Ndikulemba mawu amenewa ndikulira, komabe chitsiru.

Lachinayi la sabata yathayo, masana dzuwa likuswa mtengo, panaima galimoto yakuda pakhomo. Ndinali ndekha kutsogolo, amuna anga a Heisuke ali kuseri akupala matabwa a timabokosi tosungiramo makobidi. Analowa amuna atatu, ndipo anakwera pamphasa ndi nsapato. Nditangoona mwano umenewo ndinadziwa kuti si ogula. Wamkulu wawo ndinamudziwa, ndi Kurosu, amene amalamulira njuga ndi malo omwera mowa a kusiteshoni. Dzanja lake lamanzere linali lokulungidwa bandeji.

"Pepani mayi, tadetsa mphasa," anatero akukhala pafupi ndi mbaula ngati mlendo woitanidwa. "Akuti kumpoto konse kuno kulibe maso oposa anu. Tandionereniko kanthu aka."

Anakankhira kabokosi kakale kwa ine, koma anaikapo dzanja labandeji lija kuti ndisatsegule msanga. Anafotokoza modekha, ngati akunena za nyengo. Anati khobidi limenelo analigula pamtengo woopsa, nakalipereka monga mphatso kwa akuluakulu ake ku Sendai, gulu lonse likuonerera. Akuluakuluwo anaitanitsa katswiri wawo, amene analimbana nalo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndi galasi, ndi sikelo, ndi mabuku. Potsiriza katswiriyo anagwada n'kunena kuti khobidili ndi khanda, silinayambe ndi kukwawa komwe.

"Manyazi amenewo ndalipira ndi ichi," anatero, n'kukweza dzanja lija. Chala chaching'ono panalibe. "Amene anandigulitsa wathawa, mwina ali panyanja pano. Koma iye uja ndi ntchentche chabe. Ine ndikufuna mwini manja."

Apa ndiye ndinalakwitsa, achemwali, kulakwitsa kumene mwana wa sabata imodzi pantchito sangachite. Mwambo wathu mukuudziwa. Munthu akakubweretsera chinthu umachiweramira, kuyala nsalu, kuyang'ana kumaso, kutembenuza kumbuyo, kuika pasikelo, kugogoda, kutenga galasi. Ngakhale utaona kale kuti ndi zinyalala, umatha nacho nthawi yomwera tiyi, polemekeza mwiniwake. Ine nditatsegula kabokosi n'kuona khobidi la Tatsuzo likundiyang'ana, mutu unaima. Dzanja linachita lokha zimene linazolowera pa masewera athu aja. Chikhadabo chinalowa m'bowo, kukanda kamodzi, n'kulibweza m'kabokosi. Kenaka ndinanena mawu amene timanena tikamakana chinthu mwaulemu.

"Ichi chandikulira, bwana. Sindingathe kuchiweruza."

Kurosu anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwaona anyamata? Wa ku Sendai uja anatuluka thukuta tsiku lonse. Mayi awa sanalitembenuze n'komwe. Anapita pamalo amodzi, ngati mmene munthu amafufuzira chipsera cha mwana wake. Mayi, mukumudziwa."

"Sindikumudziwa, bwana. Oumba ndi ambiri."

"Kaitaneni bambo a nyumba ino."

Anyamata ake awiri aja anabwera ndi a Heisuke akuwakoka m'khosi mwa malaya, zipalo za matabwa zidakali m'tsitsi. Munthu uja mumamudziwa, sanamenyepo ngakhale mphaka. Anayamba kuwerama kuti apereke moni, ndipo mnyamata wina anawalandira ndi bondo kumaso. Magalasi awo anasweka, magazi a m'mphuno n'kuwazikira pathireyi ya makobidi. Anawagwetsa chafufumimba, wina kuwakhalira pamsana, wina kuwatambasulira dzanja lamanja pa chipika chimene ndimagogoderapo makobidi. Nyundo anatenga ya a Heisuke omwewo.

"Ine ndataya chala chimodzi," anatero Kurosu. "Bambo awa ali nazo khumi, ndi olemera kundiposa. Dzina, mayi."

Ndinati sindikudziwa. Nyundo inatsika. Phokoso lake silichoka m'makutu mwanga, linali ngati kuthyola nsungwi youma. A Heisuke anakuwa mpaka mawu anasanduka ngati a mwana. Msewu wathu ndi wodzaza mashopu, khoma ndi la thabwa lopyapyala, koma palibe ngakhale mmodzi amene anasuzumira. Wogulitsa nsomba woyandikana nafe ndinamumva akutsitsa chitseko chake.

Ndinaganiza zonama. Ndinatchula mkulu wina woumba mabelu wa ku Mizusawa, Genroku, amene ndinkadziwa kuti anamwalira kalekale.

"Genroku?" Kurosu anaimirira pang'onopang'ono. "Maliro a Genroku ndinatumizako maluwa ine. Mukufuna ndikakumbe manda?"

Anandimenya mbama ndi dzanja labwino lija, ndinakagunda kabati, magalasi ake n'kundigwera m'mutu. Dzino lina linatsala m'kamwa likusambira m'magazi. Ndinamulavulira pansapato, n'kumutukwana mawu amene mayi akanamva akananditsuka m'kamwa ndi sopo. Sanakwiye. Anangogwedezera mutu mnyamata wa nyundo uja, ndipo inatsikanso, kenaka inatsikanso.

Apo ndi pamene a Heisuke, pofuna kundilimbitsa mtima, anatimaliza tonse.

"Amake Sadao, musanene! Zala zimapola, musanene!"

"Mwamva, mayi?" anatero Kurosu. "Bambo akuti chonena chilipo."

Ndinagwada, achemwali. Ine Mitsue, amene sindinagwadirepo munthu, ndinagunditsa chipumi pamphasa. Ndinati atenge shopu yonse, atenge makobidi a bambo a m'kabati yachitsulo, muli mayi enieni atatu mmenemo, akapereke kwa akuluakulu ake. Anati manyazi salipirika ndi mkuwa. Ndinati ndiye athyole zala zanga, ndine ndakana kuyankha. Anati zala za mkazi wouma mutu n'zotchipa, ndipo wazindikira kale kuti zanga sindingazilirire.

Anakhalanso pansi, n'kusolola chimodzi mwa zitsulo zija timatakasira makala m'mbaula. Anachisiya pamoto akucheza ndi anyamata ake za mpikisano wa akavalo, mpaka nsonga inafiira. Kenaka anati awatembenuze a Heisuke chagada. Mmodzi anawapana mutu ndi mawondo, n'kuwakanula chikope ndi zala.

"Mmisiri wopanda zala amadyetsedwa ndi mkazi wake," anatero. "Koma wopanda maso, mayi, mudzamutsogolera mpaka kuchimbudzi. Tiyamba ndi lakumanja."

Chitsulo chinayandikira mpaka nsidze zinayamba kupsa, fungo lake lili ngati nkhuku yowaula. A Heisuke anasiya kukuwa. Diso lija linatembenuka kundifuna ine, misozi ikutsikira m'khutu. Munthu ameneyu ndakhala naye zaka makumi awiri, amandifunditsira mapazi nthawi yozizira, sanandifunsepo chifukwa chake shopu ili m'dzina langa. Ndipo Tatsuzo ndinamubereka kumsana ine, inu muli kusukulu.

Ndinatchula. Sindikunamizani kuti ndinanong'ona kapena kuti linangopulumuka. Ndinakuwa dzina lake lonse, ndipo atandifunsa kumene kuli ng'anjo yake ndinanenanso.

Kurosu anabwezera chitsulo chija m'phulusa bwinobwino, natola kabokosi kake.

"Mlongo wanu weniweni? Ha! Ndiye pepani kawiri, mayi."

Anazula chingwe cha foni, nasiya mnyamata mmodzi kuti atilondere. Galimoto itangonyamuka ndinathamangira khomo lakuseri kuti ndidutse chidule cha kumtsinje ndikamuchenjeze. Mnyamatayo anandigwira tsitsi pakhomo penipeni, n'kundikokera mkati ngati thumba. Ndinamuluma dzanja mpaka ndinamva fupa, iye anandiponda m'nthiti kufikira ndinasiya. Kenaka anakhala pakhomo n'kumadya mabisiketi athu a mpunga, uku akundiuza kuti ndiwamange bambo zala zingatupe. Tinakhala choncho mpaka dzuwa linapendeka, ndikumvetsera wotchi yapakhoma, ndikudziwa zimene zikuchitika kutsidya kwa mtsinje.

Atachoka ndinawasiya a Heisuke m'manja mwa mkazi wa wogulitsa nsomba uja, amene tsopano anatulukira ndi nkhope yachisoni, ndipo ndinathamanga ndi masokosi okha. Chitseko cha ng'anjo chinali pululu, moto udakali wofiira. Tatsuzo ndinamupeza atagona pamulu wa mchenga woumbira. Kurosu ndi mnyamata wake winayo anamukakamiza kupemerera moto yekha, kusungunula mkuwa yekha, khobidi lija n'kuliponya momwemo. Kenaka anamupanira manja onse awiri m'chikombole n'kuthira. Zimene zinatsala kumapeto kwa mikono yake sindizilemba. Atatha apo anamuponda ndi nsapato pachifuwa ndi m'mimba mpaka anatopa. Ankapuma, koma mpweya uliwonse unkatuluka ndi thovu lofiira.

Kuchipatala adokotala anandikokera pambali n'kundiuza kuti za manja si nkhani, m'kati ndi mmene mwaphwanyika. Apolisi atabwera, Tatsuzo anawauza kuti anaterereka atanyamula mphika wa mkuwa. Anamufunsa za nthiti, iye anati anagwera pachitsulo. Ankadziwa kuti akanena zoona galimoto yakuda ija ibwereranso kwathu.

Tsiku lotsatira anatsitsimukanso pang'ono, ndili pambali pake ndikumunyowetsa milomo ndi kansalu.

"Achemwali," anatero, "pano mukhoza kundiuza. Sindiumbanso. Mumandigwirira pati?"

Ndinamuuza za bowo, za tupa, za mizere yopendekera kumanzere.

"Basi? Zaka zonsezi, tupa basi?" Anafuna kuseka koma chifuwa chinamukaniza. "Ndikanangobwereka dzanja la munthu wina. Koma wa ku Sendai ndinamuvutitsa tsiku lathunthu, mwamva?"

"Ndamva, chitsiru iwe. Gona."

"Alamu ali bwanji?"

"Zala zitatu zathyoka. Achira."

"Maso?"

Za maso ndinali ndisanamuuze. Ndinali nditakonza kale bodza lakuti amene anamuulula ndi wamalonda wa ku Tokyo uja.

"Ali nawo onse," ndinayankha.

"Kurosu anandiuza akuthira. Akuti mwandigulitsa ndi diso limodzi." Anayang'ana kudenga. "Zinthu zanga mumazitchipitsa nthawi zonse, achemwali."

Ndinadikira kuti amwetulire, monga ankachitira akandibaya ndi mawu. Ndinadikira ndithu. Anatembenuzira nkhope kukhoma, ndipo sanandilankhulenso. Anamwalira Loweruka m'mawa, ndili pomwepo, ndipo ndinalibe pomugwira chifukwa manja panalibe, ndinangomugwira phazi.

Ngati anali kuseka nane kapena kunditemberera sindikudziwa, ndipo palibe amene angandiuze. Chinthu chikabwera pathireyi yanga ndimadziwa ngati ndi chenicheni, koma mawu aja ndawatembenuza mbali zonse, andikanika.

Tinamuika Lachiwiri kumudzi, pafupi ndi bambo. Pomuveka zoyera, amene ankakonza maliro anatulutsa kapepala kojambulidwa makobidi asanu ndi limodzi, akuti masiku ano ndi zimene akuika m'kathumba ka pakhosi zolipirira bwato powoloka mtsinje wa akufa. Ndinakang'amba pamaso pawo. Ndinabwerera kushopu, ndinatenga makobidi wamba aja timagulitsa kwa ana asukulu, ndipo lililonse ndinaliweramira, kuliyang'ana kumaso ndi kumbuyo, kuliika pasikelo, kuligogoda, kuliunika ndi galasi. Anthu ankandidikira panja akuganiza kuti ndapenga. Ndinkafuna kutsimikiza kuti onse ndi enieni, kuti mwana uja asakamenyedwenso padoko.

A Heisuke ali kunyumba, dzanja lili m'pulasitala, ndimawadyetsa ndi supuni. Dzana anandiuza kuti ndikanawasiya, munthu amakhala ndi diso limodzi. Ndinaswa mbale pakhoma, n'kuwauza kuti akadzabwerezanso mawu amenewo ndidzawatulutsa ndekha diso lomwelo. Kuchokera apo sitikulankhulana kwambiri. Shopu ndinatseka. Kurosu anatumiza maluwa kumaliro, ndinawaponya m'ngalande, ndipo dzulo ndinamuona akudutsa pagalimoto, anandiweramira.

Chimene chikundidya ndi ichi, achemwali, ndipo sindinauze wansembe kapena amuna anga. Ndimabwerera ku tsiku lija kuti ndipeze njira ina, ndipo nthawi iliyonse chitsulo chikafika pa nsidze ndimatchulanso. Sindikupempha kuti mundikhululukire. Ndinu akulu, munditukwane mmene mungathere m'kalata yanu, mwina ndipumako. Chokhacho ndikupempha ndi chakuti mayi asamve kaye. Mtima wawo mumaudziwa, ndipo Tatsuzo ndi chitsirizira chawo. Mukaona kuti nthawi yakwana, muwauze za kuterereka ndi mphika wa mkuwa. Zinazo zikhale za inu ndi ine.

Tsopano bwererani kwa mayi, mupukute kumaso, muwawerengere kuyambira apa.

Moni kwa alamu, muwauze kuti asamagwire ntchito mpaka kuiwala kudya. Moni kwa ana onse, makamaka wamng'ono uja amene sindinamuonepo. A Heisuke akupereka moni, alephera kulemba okha chifukwa dzanja likuwavuta pang'ono. Mayi, idyani bwino, valani zofunda ngakhale akuti kumeneko kukutentha, ndipo musamatidere nkhawa, tonse tili pamalo pathu.

Achemwali, pansi pa dzina langa muona kuti pepala latsala loyera, pamene Tatsuzo ankakonda kuwonjezera chipongwe chake ndi zilembo zopindika zija. Mayi adzafunsa kuti mwana wawo walembapo chiyani ulendo uno. Pepalali musawapatse m'manja. Mupeke chilichonse, munene kuti akuti nkhalamba ija ikudyabe maswiti mobisa kapena zina zotero, inu mumamudziwa kalankhulidwe kake. Muyesetse kuti aseke.

Ndine mng'ono wanu,
Mitsue